Nyumba ya agogo ikadali chiimire

M'mwezi wa Ogasiti chaka chatha adandiitana kumudzi kwathu ku Ntcheu, m'munsi mwa phiri la Mvai, kuti ndikaweruze mlandu wa nyumba. Mwana wa mlongo wanga, amene wakhala ku Joni zaka zisanu ndi chimodzi ndipo wabwerako ndi kangachepe, amafuna kugumula nyumba yakale ya agogo kuti pamalopo aimikepo ina ya mabuloko a simenti. Mayi ake amakana kwamtuwagalu. Tsono poti mwinimbumba ndine, nkhani idandipeza kuno ku Blantyre.

"Malume," adatero mnyamatayo titakhala pakhonde la nyumba yomweyo, "nyumba yadothi zaka zino? Anthu akamadutsa apa amangoti pakhomo pano palibe adapita kusukulu."

Ndidakhala kaye chete, pakuti mawu amenewo sadali achilendo m'makutu mwanga. Ine ndemwe ndidawalankhula pakhonde lomwelo mu 1994.

Nyumba ikukambidwayi ndi ya mdindo. Adaimanga ndi agogo anga aamuna mu 1957 atangobwera kuchokera ku Halale kumene ankagwira ntchito pa esiteti ya fodya. Ili ndi zipinda zitatu ndi pabalaza. Kunenepa kwa khoma lake n'kuyambira pachigongono mpaka pamfundo ya dzanja, ndipo lidakhala pa maziko a miyala ya kumtsinje otukuka pamwamba pa nthaka kulekeza m'maondo. Khonde lidazungulira mbali zonse zinayi, nsanamira zake za muwanga. Denga lidali laudzu kufikira 1981 pamene tidakhomapo malata. Ine ndidabadwira m'menemo, ndipo m'khoma lonselo mulibe njerwa ngakhale imodzi imene idalawa moto.

Makolo athu, Angoni a kwa Maseko, sadabwere ndi nyumba yotere. Kumwera kumene adachokera ankagona m'nyumba zozungulira zolukidwa ndi timitengo ndi udzu kuyambira pansi mpaka pamwamba, zoyenera anthu amene mawa lake akhoza kusamuka ndi ng'ombe zawo. Atawoloka Zambezi, n'kuyenda mpaka ku Songea m'dziko limene lero ndi Tanzania, n'kubwerera kudzakhazikika ku Domwe cha m'ma 1870, adatengera mamangidwe a eni nthaka amene adawapeza: kuzika nsichi mozungulira, kumangirira nsungwi mopingasa ndi luzi la mombo, kenaka kuphoma ndi dothi. Denga la nkhokwe ndi la nyumba zazing'ono ankalimangira pansi n'kulinyamula anthu ambiri kukaliika pamwamba. Choncho mwambi uja wakuti mutu umodzi susenza denga sudali fanizo chabe ayi, idali ntchito ya tsiku limenelo, mowa wa dima utafululidwa kale.

Tisadzinamize kuti nyumba imeneyo sinkadya mitengo. Inkadya ndithu, ndipo inkasankha yanthete yowongoka. Chiswe chikalowa m'nsichi, pakatha zaka zowerengeka ankamanga ina. Chimene chinkapulumutsa nkhalango n'chakuti anthu adali ochepa, ndipo chitsa cha mtondo kapena mombo chikasiyidwa pamtendere chimaphukanso.

Angerezi atalanda dziko mu 1891, nyumba idasanduka chinthu chowerengedwa. Msonkho unkadulidwa pa nyumba, masheleni atatu pachaka m'zaka zoyambazo. Inkosi Gomani woyamba, mwana wa Chikuse, adaphedwa ndi asilikali awo mu 1896 atakana kuwagonjera. Nthawi yomweyo mamishoni adayamba kukhazikika m'boma lathu: a Zambezi Industrial Mission ku Ntonda, Chiole ndi Dombole, a Baptist ku Gowa, ansembe a Montfort ku Nzama mu 1901, a Dutch ku Mlanda. Iwonso adayamba ndi tinyumba ta mitengo ndi udzu, koma posakhalitsa adabweretsa chikombole, uvuni ndi chingwe cha mmisiri. Chitsanzo adali nacho kale ku Blantyre, kumene David Clement Scott, m'busa amene sadaphunzire za mamangidwe, adamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels pakati pa 1888 ndi 1891 ndi njerwa zoumbidwa ndi kuotchedwa pompo. Kuyambira apo njerwa yofiira idakhala ya tchalitchi, ya sukulu, ya bwana DC ndi ya sitolo ya Mmwenye. Mwana wa sukulu ankaphunzira yekha, popanda womuuza, kuti dothi likapsa ndi chitukuko, likapanda kupsa ndi umphawi.

Boma la atsamunda lidatsekanso mapiri. M'zaka za m'ma 1920 Dzonzi ndi Mvai adasanduka nkhalango za boma, ndipo wofuna phaso kapena nsichi kumeneko ankayenera kuonana kaye ndi afolesiti. Kenaka kudabwera malimidwe, malamulo okakamiza anthu kuunda mizere yopingasa ndi kukumba milambala, olephera akulipitsidwa kapena kutsekeredwa. Zina mwa izo zidali zanzeru, koma zidabwera ndi chikoti. Mu 1953, pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, Inkosi Philip Gomani adauza anthu awo kuti asamvere malamulo a zaulimi, a ziweto ndi a nkhalango. Boma lidawachotsa pampando, ndipo adamwalira chaka chotsatira. Inkosi idachita bwino kukana chitaganya, pamenepo sindikangana ndi munthu. Koma ndimaganiza kuti m'zaka zimenezo m'mene tidatengera nthenda imene tikadali nayo, yoona mtengo wa m'phiri ngati wa boma ndi kuusamala ngati thangata.

Agogo adamanga nyumba yawo patangotha zaka zinayi izi zitachitika. Ankati ndalama za ku Halale zidangokwana zitseko, mawindo ndi misomali. Njerwa zootcha zikadafuna nkhuni zimene sakadazipeza popanda kukangana ndi afolesiti, ndipo mitengo yowongoka pafupi ndi mudzi idali itatha. Mdindo sufuna nsichi m'khoma, sufunanso moto. Pena ankaseka kuti iwo adali mkamwini, ndipo mkamwini wanzeru sathira chuma chake chonse pamudzi pa eni.

Kwa inu a m'tauni amene simudaonepo, mdindo umayenda motere. Mumatenga matabwa awiri aatali n'kuwaimika moyang'anizana pamwamba pa maziko, omangidwa zolimba kuti asatakasuke. Pakati pake mumathira dothi lachinyezi pang'onopang'ono, n'kumalisinja ndi mtengo wonga munsi mpaka litasiya kulira kuti phu phu n'kuyamba kulira ngati pathanthwe. Mukatero mumamasula matabwa aja n'kusunthira patsogolo. Mzere ukatha mumadikira kuti uume musadakwere wina, ndipo polumikizira pa mzere wapamwamba pasamagwere pa polumikizira pa wapansi. Luso lonse lili pa dothi. Lamakande lokhalokha limang'aluka likauma, lamchenga limanyenyeka. Agogo ankafumbata dothi m'manja n'kuligwetsa kuchokera pachifuwa: likamwazika ngati ufa ndiye kuti lauma, likaphwatalala osasweka ndiye kuti madzi achuluka, likasweka zidutswa zingapo ndiye kuti lafika. Patapita zaka zambiri ndidaseka ndekha nditapeza kuti mainjiniya amaphunzitsa mayeso omwewo.

Khoma lotere limachedwa kutentha, limachedwanso kuzizira. Mu Okutobala masana m'nyumba muja mumakhala mozizira bwino, ndipo mu Juni, pamene chisanu cha ku Tsangano ndi ku Lizulu chimatsikira kwathu, usiku khoma limabweza kutentha kumene lidamwa masana. Mdani wake wamkulu ndi madzi. N'chifukwa chake maziko a miyala, n'chifukwa chake khonde, n'chifukwa chake amayi ankazira pansi ndi kutsira makoma chaka ndi chaka mvula isadagwe.

Ufulu utabwera mu 1964, Kamuzu ankabwereza pamisonkhano kuti anthu ake akufunika zinthu zitatu: chakudya, zovala ndi nyumba yosadontha. Ife tidamva kuti yosadontha ndi ya malata, ndipo ya malata iyenera kukhala ya njerwa zootcha. Obwera ku Wenela ndi ku Theba ndiwo ankatsogolera, wailesi paphewa, uvuni kuseri kwa nyumba. Boma lomwelo lidakhazikitsa tsiku lodzala mitengo pa 21 Januwale kuyambira 1976, ndipo tidadzala bulugama ndi malaina tikuimba, koma odzala tidali ana a sukulu, wopalira ndi woteteza ku mbuzi padalibe.

Kenaka nkhondo ya ku Mozambique idakula. Amene adayendapo pamsewu wa M1 pakati pa Biriwiri, Lizulu ndi Dedza akudziwa kuti m'madera ambiri msewu womwewo ndiwo malire, mbali iyi Malawi, mbali iyo Mozambique. Kuyambira 1986 othawa nkhondo adawoloka mwaunyinji, ndipo pofika 1992 dziko lino linkasunga oposa miliyoni imodzi, Ntcheu ali m'gulu la maboma amene adalandira ambiri. Adali abale athu enieni, ambiri a ku Angonia olankhula ngati ife. Aliyense ankafuna msasa, aliyense ankaphika. Mapiri adayera tikuona. Koma ndimakana anthu akamakankhira mlandu wonse kwa iwo, chifukwa mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992 adayamba kubwerera kwawo, ndipo nkhwangwa sidaleke kulira. Lero mukamayenda kwathu n'kuona katchire ka mitengo yachilengedwe pakati pa minda, musafunse, pamenepo ndi pamanda.

Mu 1994 boma la Bakili Muluzi lidachotsa fizi ku pulaimale, ndipo ana adachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Ambiri ankaphunzirira pansi pa mitengo. MASAF itabwera, mudzi unkayenera kuonetsa mbali yake, makamaka njerwa ndi mchenga, kuti thandizo libwere. Mafumu adamema anthu, midzi idaumba, mauvuni adafuka pafupi ndi sukulu, ndipo nthawi zina mtengo womwe ana ankaphunzirira pansi pake ndiwo unkalowa pamoto.

Chaka chomwecho cha 1994 ine ndidali nditagwira ntchito m'tauni zaka khumi, ndipo manyazi adandigwira. Anzanga a ku ofesi akabwera kumaliro kwathu ndinkawakhazika pansi pa mtengo kuti asalowe m'nyumba yadothi. Ndidalemba anyamata aganyu, adakumba dzenje kuseri kwa khola, adaumba. Nkhuni zitavuta ndidalamula kuti adule mitengo itatu ya mango imene agogo aakazi adadzala, ndi mkuyu wa kudimba. Gogoyo adali akadali moyo. Sadandikalipire. Adangofunsa kuti, "Amuna anga, njerwa zanuzo ana adzadya mu Disembala?"

Uvuni udayaka masiku awiri, usana ndi usiku. Titaphwasula tidapeza kuti njerwa za pafupi ndi moto zidapserera n'kupindika, za kunja zidangofiira pamwamba m'kati likadali dothi, ndipo zabwino zidali za pakatikati pokha. Umu ndi mmene uvuni wa kumudzi umachitira, moto wambiri umathawira kumwamba ndi m'mbali. Tidamangira zonse, zakupsa ndi zosapsa zomwe. Simenti idali yodula, choncho tidamangira dothi, khoma lopyapyala la njerwa imodzi, simenti n'kungopaka kumaso koyang'ana kumsewu. Khonde ndidakana. Ndinkafuna nyumba yonga za ku Chitawira, malata othera pakhoma penipeni. Mmisiri adandichenjeza za gebulo, kuti latalika popanda choligwira. Ndidamuyankha kuti ndalama ndi zanga.

Idakhala zaka 20. Mu Januwale 2015, mvula ija itagwa masiku otsatizana mpaka boma kulengeza kuti maboma 15, Ntcheu ali pomwepo, agwa m'ngozi, khoma lakum'mawa lidamwa madzi, dothi la pakati pa njerwa lidasungunuka, gebulo lidagwera m'chipinda usiku. Mwamwayi ana amene ankagonamo adali atasamukira m'nyumba ya agogo madzulo ake chifukwa khoma linkachucha madzi pamphasa. Nyumba ya agogoyo, mapazi makumi atatu okha kuchokera pamenepo, idali chiimire, khoma lake lili gwa, madzi akugwera kutali kunsonga kwa khonde.

Sindikunena kuti njerwa yootcha ndi yoipa. Yakupsa bwino, yomangidwa ndi simenti kapena laimu pa maziko abwino, imapitirira zaka 100, matchalitchi a mishoni ndi mboni. Ndikunena kuti ambirife tidagula dzina la njerwa, mphamvu yake osagula. Ine ndidaotcha mango a agogo kuti ndipeze khoma lofooka kuposa limene ndinkalinyoza.

Palinso china chimene sitikamba kawirikawiri kwathu. M'mphepete mwa chigwa cha Bwanje, kuyambira ku Bilila mpaka ku Mtakataka, muli mng'alu waukulu wa m'nthaka wotalika makilomita pafupifupi 100. Akatswiri a miyala James Jackson ndi Tom Blenkinsop adalemba za mng'aluwu mu 1997, n'kusonyeza kuti ukadali wamoyo ndipo ukhoza kubweretsa chivomezi chachikulu. Chivomezi cha ku Salima cha pa 10 Malichi 1989 ndi zija za ku Karonga za mu Disembala 2009 zidagwetsa nyumba zambirimbiri, ndipo njerwa zootcha sizidapulumuke. Zaka zingapo zapitazo mainjiniya a ku yunivesite ya Bristol pamodzi ndi anzawo a ku Polytechnic, imene tsopano ndi MUBAS, adayesa njerwa ndi makoma omangidwa monga timamangira kumudzi, ndipo adapeza kuti pofooka kwambiri ndi pamene njerwa yagwirana ndi dothi kapena ndi simenti yochepa. Apa mdindo nawo usadzitame. Pachivomezi umang'aluka m'makona, ndipo nyumba ya agogo ili ndi mng'alu pakona yakumpoto umene amayi ankati udayamba usiku wa 1989 uja. Mankhwala ake ndi amodzi, khoma likhale ladothi, la njerwa kapena la buloko: bimu, lamba uja wa konkire kapena wa matabwa wozungulira pamwamba pa makoma onse kuti agwirane, makona olumana bwino, windo losayandikira pakona, ndi denga lomangiriridwa kukhoma ndi waya kuti mphepo isalisasule.

Chaka cha 2018 chidabwera ndi zinthu ziwiri. Damu la Mpira, limene limamwetsa anthu a ku Ntcheu ndi ku Balaka kudzera m'mipope, lidaphwa mpaka anthu kumayenda pansi pake pouma. Mvula idachepa, inde, koma madzi a damulo amachokera m'phiri la Mvai, ndipo phiri lopanda mitengo silisunga madzi, limangotumiza matope. Makala, minda ndi nkhuni zophikira zili ndi gawo lalikulu pamlanduwu. Uvuni wanga uli ndi lake. Chaka chomwecho boma, kudzera ku bungwe la NCIC, lidakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zootchedwa ndi nkhuni pa zomangamanga za boma, za mabungwe ndi za malonda. Womanga kanyumba kake kumudzi lamulolo silidamufike, ndiye mauvuni akufukabe mu Seputembala ndi Okutobala. Anthu m'boma lathu adachuluka kuchoka pa 370,000 mu 1998 kufika poposa 650,000 mu 2018, ndipo banja lililonse latsopano likufuna pogona.

Chimene chidapindula ndi lamuloli ndi buloko ya simenti. Mitengo ya pafupi imapumadi, koma simenti nayo imapsa ndi moto, wa malasha, kungoti uvuni wake uli kutali sitiuona. Padziko lonse mafakitale a simenti amatulutsa pafupifupi magawo 8 pa 100 alionse a mpweya wa kaboni umene ukutenthetsa dziko. Mchenga wa mabulokowo ukukumbidwa m'mitsinje yathu yomweyi. Ndipo woumba akafuna phindu amatambasula thumba limodzi la simenti mpaka buloko kumanyenyeka ndi chala. Njira ina ilipo, ya njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zopanikizidwa ndi makina amanja, zosaotcha, zimene amisiri amati ma SSB. Sukulu zina za pulaimale zidamangidwa nazo. Mukaziyang'anitsitsa, ndi mdindo wa agogo womwe uja, wangodulidwa tizidutswa.

Mu 2021 kampani ya 14Trees idamanga sukulu ku Salima ndi makina osindikiza makoma, ndipo nkhani idamveka dziko lonse lapansi. Ine chidandigwira mtima ndi cha chaka chotsatira, pamene Francis Kéré wa ku Burkina Faso adalandira mphotho ya Pritzker, yaikulu kwambiri pa ntchito yojambula mapulani a nyumba. Imene idamutchukitsa ndi sukulu ya m'mudzi mwawo ku Gando, ya njerwa zadothi ndi denga lotambalala, lotukuka pamwamba pa khoma kuti mphepo izidutsa. Nditaona chithunzi chake ndidati, ili ndi khonde la kwathu ili.

Koma kuno ngakhale kalembera amatsutsana ndi agogo. Pa mafomu a boma nyumba yokhazikika ndi ya njerwa zootcha, konkire kapena miyala, yofolera malata. Khoma ladothi limawerengedwa kumbali ya zosakhalitsa. Motero nyumba yanga ija, imene idagwa itatha zaka 20, idalembedwa kawiri, mu 1998 ndi mu 2008, kuti ndi yokhazikika, pamene ya agogo, imene yatsala pang'ono kukwanitsa zaka 70, sidalandirepo ulemu umenewo. Nanga mnyamata wobwera ku Joni tingamudzudzule bwanji?

Mlandu tidaukamba masiku awiri. Mlongo wanga sankakamba za mpweya kapena za damu. Iye ankati m'nyumbamo ndimo mudagona maliro a amayi, ndipo wofuna kugumula ayambe wagumula iye. Ine ndidamutenga mnyamatayo kukamuonetsa dzenje la njerwa zanga, limene mpaka lero limasunga madzi ndi udzudzu, ndi pamene padali mango paja. Adamvetsera mwaulemu, koma za mdindo adakana. "Malume, angamange ndani? Ndipo mkazi wanga akabwera ndidzamuuza kuti chiyani?" Funso loyambalo lidandigonjetsa. Tidafunsa midzi itatu, tidangopeza nkhalamba imodzi imene idagwirapo matabwa a mdindo, nayonso maso adachita khungu.

Tidagwirizana motere. Nyumba ya agogo isagumulidwe. Tiikonze m'munsi mwa khoma mmene mbuzi zakhala zikudzikhula, titseke mng'alu wa pakona, tiike lamba wa matabwa pansi pa denga. Iye amange ya mabuloko yakeyo pabwinja la nyumba yanga, ndipo njerwa zanga zimene zidapsa bwino zilowe m'maziko kuti asaotche zina. Pa khonde tidakangananso. Adawerengera pafoni n'kupeza kuti khonde lozungulira lidya malata ena 14, ndipo adati ndalama imeneyo bola agulire matailosi.

Malatawo ndidagula ine, ndipo ndidakawatula ndekha pangolo. Tikutsitsa lomaliza, mlongo wanga adaima pakhonde, manja ali m'chiuno.

"Zikomo achimwene, malata taona. Nanga mango aja?"